Kodi Agogo Angapirire Mpeni?

M'mabanja mwathu muli mlandu wina umene umaweruzidwa popanda mwini wake. Munthu wachikulire akadwala m'mimba, adokotala n'kunena kuti pakufunika opaleshoni, abale amasonkhana pakhonde la wodi kapena pansi pa mtengo n'kuyamba kupukusa mitu. Wina amati, "Pa msinkhu umenewu angapirire mpeni?" Wina n'kuvomereza, "Tisawazunze, tiwatenge akapumire kunyumba." Mawu amenewa amachokera m'chikondi, sitikukana. Koma chikondi chikasowa chidziwitso chimatha kutseka khomo limene linali lotsegula.

Ife amene tili pakoleji nkhaniyi imatipeza ngakhale tisakuifuna. Banja likasowa yankho, foni imalira usiku tili pakati powerenga: "Iwe wapita kusukulu, tatiuza, adokotalawa akutanthauza chiyani?" Maphunziro athu ndi a uphunzitsi. Chimene timadziwa ndi choko, bolodi ndi kukonza phunziro la mawa. Komabe kumudzi aliyense amene amawerenga Chingerezi amasanduka womasulira, ndipo mawu amene angasankhe pofotokoza ndi amene amapendeketsa maganizo a banja lonse. N'chifukwa chake tinaona kuti n'koyenera kudziwa zimene madokotala apeza pa opaleshoni ya matumbo kwa anthu okalamba, makamaka njira ija yochita kuboola m'malo mong'amba.

Kuti dokotala afike pamene pali matumbo, njira yakale ndi yong'amba mimba pakati, nthawi zina kuchokera chapansi pa chifuwa mpaka kumunsi kwa mchombo. Njira inayo dzina lake ndi laparoscopy, ndipo Angerezi amaitchanso keyhole chifukwa timabowo take n'tating'ono ngati polowetsera kiyi pachitseko. Dokotala amaboola timabowo tinayi kapena tisanu, kalikonse kotambalala mamilimita 5 mpaka 12. Kenako amapopera mpweya wa carbon dioxide m'mimbamo kuti khungu likwere ngati hema, papezeke malo ogwirira ntchito. Pa kabowo kamodzi amalowetsa kamera yowonda ngati chala, pa tinato zida zazitali zodulira, zopanira ndi zosokera, ndipo ntchito yonse amaichita akuyang'ana pa sikirini. Chigawo chodwala cha matumbo amachidula, mbali ziwiri zotsalazo amazilumikiza, ndipo chodulidwacho amachitulutsira pa bala la masentimita ochepa chabe. M'kati ntchito ndi imodzimodzi. Chasintha ndi kukula kwa khomo lolowera.

Njirayi si yakale kwambiri, makolo athu ambiri anabadwa isanayambe. Mu 1980 dokotala wa ku Kiel m'dziko la Germany, Kurt Semm, anachotsa appendix m'njira imeneyi, ndipo madokotala anzake ambiri anamudzudzula kuti akuseweretsa miyoyo ya anthu. Mu 1985 Erich Mühe, wa ku Germany komweko, anachotsa ndulu. Pofika 1991 Moises Jacobs ndi anzake ku Miami analengeza kuti adula matumbo aakulu mwa njira yomweyi. Apa mantha anakula, chifukwa ambiri ofunika kudulidwa matumbo aakulu amakhala ndi khansa. Panamveka malipoti a odwala ena amene khansa inawamerera m'timabowo muja, ndipo funso linali lomveka: kodi dokotala amene sakugwira chotupa ndi manja ake angachichotse chonse?

Madokotala sanathetse mkanganowu ndi pakamwa. Anagawa odwala mwamaere, ena njira iyi ena njira inayo, n'kuwatsatira kwa zaka. Ku Barcelona, Antonio Lacy ndi anzake anatulutsa zotsatira za odwala 219 mu 2002. Mu 2004 kunatuluka kafukufuku wotchedwa COST, wa odwala 872 m'zipatala 48 za ku United States ndi Canada. Anapeza kuti khansa imabwerera mofanana m'magulu onse awiri. Ochitidwa moboola ankatuluka m'chipatala patatha masiku 5 pamene anzawo ankatha masiku 6, ndipo ankasiya msanga mankhwala opha ululu. Anapezanso kuti opaleshoni yoboola imatenga nthawi yaitali, ndiponso kuti mwa odwala 100 alionse, 21 dokotala anayamba moboola koma anamaliza mong'amba. Kafukufuku wina wa ku Britain wotchedwa CLASICC komanso wa m'maiko angapo a ku Ulaya wotchedwa COLOR anatsimikiza zofanana. Mantha a khansa yomera m'timabowo anazirala.

Nanga okalamba? Poyamba madokotala ambiri ankati njira yatsopanoyi ndi ya anthu amphamvu, agogo asayese. Zifukwa zawo zinali zolemera. Mpweya wopopedwa m'mimba umakankha mapapo ndipo umalemetsa ntchito ya mtima. Wodwala amapendekedwa mutu pansi miyendo m'mwamba kuti matumbo ena apatuke. Amakhalanso nthawi yaitali ali m'tulo ta mankhwala. Zonsezi mtima wa zaka 80 ungazione ngati phiri.

Koma atawerengetsa, zinatuluka mosiyana ndi zimene ankaopa. Mu 2008 madokotala a ku Milan m'dziko la Italy anasanthula odwala 535 amene anagawidwa mwamaere, n'kupatula achikulire a zaka 70 kupita m'tsogolo. Pakati pa achikulirewa, ochitidwa moboola amene anakumana ndi zovuta pambuyo pa opaleshoni anali pafupifupi 20 pa 100 alionse, pamene ong'ambidwa anali oposa 35 pa 100 alionse. Oboolawo ankagona m'chipatala masiku osakwana 10, anzawo masiku 13. Pakati pa odwala ocheperapo msinkhu kusiyana kunalipo koma sikunali kwakukulu chotere. Anthu omwe ankaonedwa kuti ndi ofooka kwambiri moti sangayenere njira yatsopano ndi amene anapindula nayo kuposa onse.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva kwa aliyense amene anadikirirapo wodwala. Bala lalikulu la pamimba limapweteka munthu akamapuma. Ndiye amapuma mwapamwamba, amaopa kutsokomola, makhololo amadikha m'mapapo, chibayo n'kulowa. Ululu ukachuluka amapatsidwa mankhwala amphamvu, ndipo mankhwala amenewo amagonetsa matumbo, munthu n'kutha masiku osadya. Poopa ululu womwewo sadzuka pabedi. Akagona nthawi yaitali magazi amatha kuundana m'mitsempha ya m'miyendo, pamsana pamabuka zilonda, minofu imasungunuka. Mu 2007 ofufuza a ku United States anagoneka pabedi anthu achikulire athanzi lawo kwa masiku 10, ndipo anapeza kuti m'miyendo mokha anataya mnofu wolemera pafupifupi kilogalamu imodzi. Mnyamata wa zaka 20 amabweza mnofu wotere posachedwa, akangoyambanso mpira. Agogo amaubweza movutikira, ndipo ena saubwezanso. Munthu amene analowa m'chipatala akuyenda yekha amatha kutuluka matenda ake atachotsedwa, koma osathanso kupita yekha kuseri.

Palinso vuto lina limene silitchulidwa kawirikawiri. Okalamba ambiri amasokonezeka maganizo masiku oyamba pambuyo pa opaleshoni. Amaiwala kumene ali, amaona zinthu zimene palibe, amalankhula ndi anthu amene anamwalira kale. Zimabwera chifukwa cha ululu, mankhwala, kusowa tulo, kuchepa kwa madzi m'thupi kapena matenda ena amene akuyamba, ndipo kawirikawiri zimatha. Kwathu kuno vutoli lili ndi mano ena. Tonse tikudziwa zimene zimanenedwa m'midzi munthu wachikulire akayamba kubwebweta usiku. Matenda ofunika namwino amatha kusanduka mphekesera ya ufiti.

Zonsezi sitinazione m'mabuku mokha. Chaka chimene tinali Fomu 4, agogo athu aamuna anadwala. Anali ndi zaka 76, akulima okha munda wawo, akupalasa njinga kupita kumsika. Mimba inawatupa ngati ng'oma, chimbudzi ndi mpweya zinatsekeka, ndipo anapirira masiku awiri osauza munthu. Atafika nawo kuchipatala chachikulu, adokotala anati matumbo apotokola. Matendawa madokotala amawatcha sigmoid volvulus, ndipo m'zipatala zathu zikuluzikulu si achilendo, makamaka pakati pa abambo achikulire. Chigawo cha matumbo chimadzipota ngati chingwe, magazi osafikako, ndipo pakachedwa chimayamba kuola.

Pakhonde panali mawu ambiri. Amalume ankati agogo sangadzuke ku mankhwala ogonetsa, bola akamwalirire pakhomo pawo. Azakhali ankangolira. Ife adzukulu tinatumidwa kulowa m'wodi kukawapatsa agogo chitenje chofunda, ndipo iwo anatigwira dzanja.

"Akukambirana chiyani panjapo?"

"Akukambirana za inu, agogo, ngati mungapirire opaleshoni."

"Kawauzeni amalume anu abwere adzandifunse ine. Chimanga changa chili m'munda, sindinakolole."

Amalume analowa, anagwada pafupi ndi bedi, n'kunena motsitsa, "Bambo, ife tikuopa." Agogo anayankha, "Ndamva, mwana wanga. Koma mimbayi ndi yanga. Auzeni adokotala achite ntchito yawo."

Anawang'amba usiku womwewo. Njira yoboola sinatchulidwe n'komwe, ndipo matumbo otupa chotero sakanasiya malo a kamera. Opaleshoni inayenda bwino, koma masiku otsatira ndiwo anali nkhondo. Agogo ankaopa kutsokomola mpaka namwino anawaphunzitsa kukumbatira pilo pabala. Usiku wachitatu anayamba kuitana agogo aakazi, amene anatisiya kalekale, kuti awatsekulire khola la mbuzi. Namwino yemwe uja ankabwera m'mawa uliwonse kudzawadzutsa kuti ayende, azakhali akudandaula kuti akuwazunza bambo awo. Tsiku loyamba anayenda mapazi asanu, lotsatira anafika pakhomo la wodi. Anatuluka patatha masabata awiri. Chimanga chija tinakolola ndife, ndipo khasu analigwiranso patatha miyezi itatu. Lero akadali moyo, akudandaula za mtengo wa feteleza ngati aliyense.

M'nkhani ya agogo tinaphunziramo zinthu ziwiri. Choyamba, zaka 76 sizinali chifukwa chowakanizira opaleshoni. Chachiwiri, chimene chinatsala pang'ono kuwagonjetsa sichinali kudula matumbo koma bala la panja ndi masiku a pabedi. Pamene tinawerenga za odwala a ku Milan, tinadziwa bwino chimene achikulire aja anapulumukako.

Komabe tisatengeke. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Njira yoboola ili ndi malire ake. Polumikiza matumbo pamatha kudontha, kaya munthu anabooledwa kaya anang'ambidwa, ndipo ili ndi limodzi mwa mavuto oopsa kwambiri pa opaleshoni yotere. Chotupa chikakhala chachikulu, kapena chitamatirira ku ziwalo zina, kapena munthu akakhala ndi zipsera za opaleshoni yakale m'kati, dokotala amasiya kamera n'kung'amba, ndipo kutero si kulephera koma nzeru. Njirayi imafuna dokotala amene waichita nthawi zambiri, zida zodula, mpweya wa m'mabotolo, magetsi osazimazima ndi katswiri wogonetsa amene akudziwa kusamala mtima wokalamba. M'dziko muno zinthu zimenezi zimapezeka pamodzi m'malo ochepa. Banja lisagulitse munda kuti likafune timabowo kunja pamene pafupi pali dokotala waluso wodziwa kung'amba bwino. Opaleshoni yong'amba yochitidwa pa nthawi yake ndi manja ozolowera imapulumutsa anthu tsiku ndi tsiku.

Chinanso, sitikunena kuti wokalamba aliyense achitidwe opaleshoni. Madokotala masiku ano amasiyanitsa zaka ndi kufooka. Mu 2005 Kenneth Rockwood ndi anzake ku Canada anakonza muyeso woonera kufooka kwa munthu wachikulire, umene tsopano uli ndi masitepe 9, kuyambira wamphamvu ndithu mpaka amene ali kumapeto a moyo. Muyesowu sufunsa chaka chobadwa. Umayang'ana ngati munthu amayenda yekha, amasamba yekha, amatha ntchito zake zapakhomo, kapena amadalira ena pa chilichonse. M'mipingo yathu timawadziwa amayi awiri a zaka 80, wina amayenda makilomita atatu kubwera kutchalitchi atasenza mpando wake, wina sanatuluke m'nyumba chaka chonse. Pa chiphaso ndi amsinkhu umodzi, pa tebulo la opaleshoni ndi anthu osiyana kutalitali. Ku chipatala cha Guy's and St Thomas' ku London kuli gulu la madokotala a okalamba limene limaunika wodwala asanachitidwe opaleshoni, kukonza zimene zingakonzeke, n'kumutsatira mpaka atuluke. Nzeru yake ndi yoti funso loyenera si lakuti munthuyu ali ndi zaka zingati, koma lakuti ali ndi mphamvu zotani ndipo tingaziwonjezere bwanji.

Kuno ku Africa pali chinthu china chimene tiyenera kuchidziwa. Mu 2018 kunatuluka kafukufuku wotsogozedwa ndi Bruce Biccard wa ku Cape Town, amene anatsatira odwala oposa 11,000 ochitidwa opaleshoni m'maiko 25 a mu Africa. Odwalawa anali ocheperapo msinkhu ndiponso athanzi kuposa a m'maiko olemera, ndipo zovuta za pambuyo pa opaleshoni sizinali zambiri kuposa kwina. Komabe mwayi wawo womwalira unali wowirikiza kawiri. Ambiri sanafere pa tebulo, anafera m'wodi masiku otsatira, vuto litayamba koma osaonedwa msanga chifukwa cha kuchepa kwa anamwino, madokotala ndi zipangizo. Ntchito yophunzitsa madokotala a opaleshoni ikuchitika, kuphatikizapo ku Kamuzu University of Health Sciences komanso ku chipatala chathu cha Malamulo ku Makwasa, kumene kuli maphunziro a bungwe la PAACS. Koma kuphunzitsa dokotala mmodzi wa opaleshoni kumatenga zaka zambiri, ndipo agogo amene akudwala chaka chino sangadikire.

Apa ndi pamene nkhani ya timabowo imatipatsa chinthu chogwirika ngakhale kumene kulibe kamera. M'zaka za m'ma 1990 dokotala wa ku Denmark, Henrik Kehlet, anafunsa funso losavuta: kodi n'chiyani chimene chikusunga wodwalayu m'chipatala lero? Anapeza kuti zambiri zinali zizolowezi chabe, monga kumana wodwala chakudya masiku ambiri, kumusiya ndi machubu osafunika ndi kumugoneka osadzuka. Anayamba kuletsa ululu bwino, kudyetsa odwala msanga ndi kuwayendetsa kuyambira tsiku loyamba. Mu 2011 madokotala a ku Netherlands anayesa zonse pamodzi pa odwala 400. Ochitidwa moboola n'kusamalidwa mwa njira ya Kehlet ankatuluka patatha masiku 5, ochitidwa moboola koma osamalidwa mwachizolowezi masiku 6, ong'ambidwa masiku 7. Bala laling'ono limathandiza chifukwa limalola munthu kupuma, kudya ndi kuyenda msanga. Ndipo kupuma, kudya ndi kuyenda n'zinthu zimene wodikirira wodwala wa kuchitando angathandize popanda ndalama.

Tsono ife tinganyamule chiyani popita kutchuthi? Choyamba ndi kufika msanga. Opaleshoni yoboola ndi ya matenda amene apezeka nthawi ikadalipo, dokotala n'kusankha tsiku modekha. Ngakhale yong'amba imayenda bwino kwambiri ikakhala yokonzekera kusiyana ndi ya pakati pa usiku. Khansa ya m'matumbo aakulu ndi yachitatu pa khansa zofala padziko lonse, ndipo mu 2020 anthu pafupifupi 1.9 miliyoni anapezeka nayo. Zizindikiro zake ndi magazi m'chimbudzi, kudzimbidwa kapena kutsegula m'mimba kosatha kwa masabata angapo, kuwonda popanda chifukwa, ndi kuchepa magazi kumene kumaoneka ngati kutopa kwa ukalamba. Koma mimba ikatupa mwadzidzidzi, munthu akusanza, chimbudzi ndi mpweya osatuluka, imeneyo si ya mawa, ndi ya ola lomwelo.

Vuto n'lakuti zizindikiro zonsezi zili kumalo a manyazi. Bambo wachikulire sangauze mwana wake wamkazi za chimbudzi chake, mayi wachikulire sangauze mkamwini. Koma chikhalidwe chathu chinasiya kanjira kamodzi kotsegula. Agogo ndi mdzukulu amaseka, amanyozana mocheza, amauzana zimene sizinganenedwe pamaso pa ana. Mdzukulu akhoza kufunsa akuseka, "Agogo, malamba a buluku mwabooleranso bowo lina, chikukudyani n'chiyani?" ndipo yankho likhoza kupulumutsa moyo. Ufulu umenewu tinapatsidwa osaupempha, tiugwiritse ntchito.

Tikumbutsenso abale athu mumpingo kuti kudya bwino kumachepetsa ngozi koma sikuichotsa. Kafukufuku wa Loma Linda University pakati pa mamembala oposa 77,000 a ku United States ndi Canada anasonyeza mu 2015 kuti osadya nyama amadwala khansa ya m'matumbo mocheperako, ndi pafupifupi 22 pa 100 alionse. Ndi nkhani yabwino ndithu. Koma mkulu wa mpingo amene wadya nyemba ndi masamba moyo wake wonse akaona magazi m'chimbudzi asamati izi sizingandichitikire ine, ndiponso asachite manyazi ngati kuti walakwa. Apite akayezetse.

Chachiwiri ndi kufunsa mafunso abwino. Tikaima pamaso pa adokotala m'malo mwa banja, tisangomva mawu oti opaleshoni n'kuthamangira panja kukalengeza. Tifunse mwaulemu: Adokotala, akapanda kuchitidwa opaleshoni chidzachitike n'chiyani, ndipo posachedwa bwanji? Akachitidwa, choopsa kwambiri kwa munthu ngati iwowa n'chiyani? Kodi njira yoboola ingatheke pa matenda awa, ndipo imachitika kuti? Kodi adzafunika thumba la chimbudzi pamimba, ndipo ngati ndi choncho, la kanthawi kapena la moyo wonse? Nanga pali zoti tikonze tsiku lisanafike? Funso lomalizali lili ndi mayankho ambiri. Magazi ochepa akhoza kuwonjezeredwa, shuga ndi kuthamanga kwa magazi zikhoza kukhazikitsidwa, fodya akhoza kusiyidwa, ndipo masabata awiri kapena atatu oyenda tsiku lililonse ndi kudya phala la soya, nsinjiro, nyemba ndi mazira amamupatsa munthu nkhokwe yoti adzatapemo.

Chachitatu ndi kukhala maso a m'wodi. Namwino mmodzi sangaone odwala makumi angapo nthawi imodzi, koma wodikirira amayang'ana munthu mmodzi usana ndi usiku. Agogo abwezeredwe magalasi awo ndi mano awo oikirira akangodzuka. Pakhale nkhope yodziwika pafupi, yowauza kuti lero ndi Lachitatu, muli kuchipatala, opaleshoni inatha bwino. Anamwino akati adzuke ayende, tisaime pakati ndi chisoni, tiwagwire mkono. Akaloledwa kudya, tisawamane poopa kuti matumbo aphulika. Ndipo thupi likatentha, mtima ukayamba kuthamanga, mpweya ukabanika, ululu wa m'mimba ukakula m'malo mochepa, kapena maganizo akasokonezeka mwadzidzidzi, tipite kwa namwino nthawi yomweyo, ndipo ngati watanganidwa tibwererenso kachiwiri. Kuona msanga kotereku ndi kumene kafukufuku wa maiko 25 uja anati kukusowa.

Chomaliza, chimenenso chili chachikulu pa zonse, ndi kumufunsa mwini wake. Timati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, timapita kwa iwo ndi milandu ya malire a minda ndi ya maukwati, koma ikafika nkhani ya thupi lawo timawasandutsa makanda. Munthu wachikulire amene maganizo ake ali bwino ali ndi ufulu womva zoona zonse m'chinenero chake, pang'onopang'ono, ndi kusankha. Ena adzasankha mpeni ngati agogo athu. Ena, atamva zonse, adzati zakwana, ndisamalireni ululu ndikakhale ndi adzukulu anga, ndipo kusankha kumeneko n'kolemekezeka chimodzimodzi. Cholakwika ndi chakuti ena amusankhire pakhonde, poyang'ana imvi zake zokha. Pomufunsa tidzamvanso chimene iye amachitcha kuchira. Madokotala amawerenga masiku a m'chipatala ndi zaka zimene munthu wakhala khansa isanabwerere. Agogo amawerenga zina: kodi ndidzathanso kupita ndekha kubafa, kodi ndidzafikanso kutchalitchi, kodi ndidzaona ukwati wa mdzukulu wanga. Adokotala akadziwa zimenezi amalangiza bwino.

Zaka zochepa zikubwerazi ambiri a ife tidzakhala tili m'makalasi, ena m'masukulu a kumidzi kumene mphunzitsi ndiye amawerengera anthu makalata a kuchipatala. Pophunzitsa za kagayidwe ka chakudya tidzajambula matumbo pabolodi, ndipo ana adzaseka monga tinkasekera ife. Tikawalola kuseka n'kuwauza kuti magazi m'chimbudzi si chinsinsi chosunga, uthengawo udzafika kwa agogo awo madzulo omwewo. Ndipo pakati pa ana amene adzakhale pansi akukopera chithunzicho, pakhoza kudzatuluka dokotala amene adzagwire kamera ija m'chipatala cha boma lathu, ife titachita imvi, ana athu ali pakhonde akufunsana ngati tingapirire.